Mkodzo ukamadontha wokha: vuto limene amayi akumudzi amalisenza mwakachetechete

Pa msonkhano uliwonse wa kumudzi pamakhala mayi amene amasankha malo ake mosamala kwambiri. Amakhala kumapeto, pafupi ndi potulukira. Mukamupatsa madzi amakana, ngakhale dzuwa lili paliwombo. Anzake akafa ndi phwete, iye amangomwetulira atapanikiza miyendo. Msonkhano ukatha amadikira kuti onse ayambe anyamuka, kenako amasuzumira pamene anakhala asanachokepo. Ena amati ndi wodzikonda, ena amati anabadwa wamanyazi. Nthawi zambiri zoona zake n'zoti mkodzo umamutuluka wokha, ndipo tsiku lake lonse walikonza moti pasapezeke munthu wodziwa.

Amayi otere si owerengeka. Kafukufuku wochitika m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti mayi mmodzi mwa anayi alionse, penanso kuposerapo, amadonthako mkodzo mosafuna, ndipo vutoli limagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Ambiri sauza namwino, ngakhale atapita kuchipatala ndi matenda ena. Amaona ngati ndi malipiro a kubereka, kapena ndi mmene ukalamba umakhalira. Apa m'pamene pagona vuto lalikulu, chifukwa mawu akuti kudontha mkodzo akuphimba matenda angapo osiyana, ndipo aliwonse ali ndi gwero lake ndi chithandizo chake. Nsalu yonyowa imaoneka chimodzimodzi, koma chimene chainyowetsa si chimodzi.

Tiyambe ndi mmene thupi limagwirira mkodzo. Impso ziwiri zimasefa magazi usana ndi usiku, n'kupanga mkodzo wokwana lita imodzi mpaka malita awiri patsiku. Mkodzowo umatsikira m'chikhodzodzo, thumba la minofu limene limatha kusunga pafupifupi theka la lita. Pakhomo pa thumbali pali mnofu wozungulira umene umatseka njira, ndipo pansi pake pali minofu ina yoyalidwa ngati ukonde womangidwa ku mafupa a m'chiuno. Ukonde umenewu ndi umene umanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo akumunsi. Chikhodzodzo chikadzaza, mitsempha imauza ubongo, ubongo n'kusankha nthawi yotsegula. Njira yotulutsira mkodzo ya mkazi ndi yaifupi, masentimita 4 okha, pamene ya mwamuna imafika pafupifupi masentimita 20. Onjezani apo kuti mutu wa mwana pobadwa umadutsa pakati pa ukonde uja, ndiye muona chifukwa chake katunduyu amagwera akazi.

Funso loyamba limene dokotala wodziwa ntchito amafunsa ndi losavuta: kodi mkodzo umatuluka nthawi yanji?

Mayi wina amayankha kuti umatuluka akatsokomola, akayetsemula, akaseka, kapena akamatukula ndowa ya madzi kuti aisenze. Ukatuluka umakhala wochepa, madontho angapo kapena kungonyowetsa pang'ono. Apa vuto ndi ukonde uja. Wafooka, ndiye mimba ikakankha mwadzidzidzi, chitseko sichigwira. Mtundu umenewu ndi umene umapezeka kwambiri, makamaka mwa amayi amene abereka kangapo.

Wina amati mkodzo umamupana mwadzidzidzi, osapereka mpata, moti umatuluka asanafike kuchimbudzi. Amakodza pafupipafupi, usiku amadzuka kangapo, ndipo nthawi zina kungomva madzi akuthiridwa m'ndowa kapena kugwira madzi ozizira n'kokwanira kuti ziyambike. Kwa mayi uyu minofu yapansi ikhoza kukhala yabwinobwino. Chikhodzodzo ndi chimene chikufinya chokha chisanauzidwe. Amayi ambiri achikulire amakhala ndi mitundu iwiriyi pamodzi.

Palinso amene chikhodzodzo chawo sichitha mkodzo wonse pokodza, ndiye chimadzaza mpaka kusefukira pang'onopang'ono. Zimachitika mitsempha ikawonongeka, monga mwa odwala shuga kwa nthawi yaitali, kapena chiberekero chikatsika n'kupinda njira ya mkodzo.

Ndiye pali yankho lachinayi, limene namwino akalimva sayenera kuzengereza: umatuluka nthawi zonse, usana ndi usiku, nditakhala kapena nditagona, ndipo unayamba nditangobereka. Chimenechi ndi chizindikiro cha fistula, bowo la pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, ndipo tibwererako.

Moyo wa kumudzi umafooketsa ukonde uja m'njira zimene munthu wa muofesi sakumana nazo. Mayi amatenga mimba yoyamba akadali wamng'ono, n'kubereka motsatizana thupi lisanabwerere m'malo. Pakangotha masabata ochepa, nthawi zina masiku, wayamba kale kutunga madzi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kulemera konseko, kaya kuli pamutu kapena pamsana, kumathera pa minofu yomwe ija imene yangotanuka kumene pobereka. Mawa ndi mtolo wa nkhuni, mkuja ndi thumba la zokolola. Utsi wa pamoto m'nyumba yopanda potulukira mpweya umabweretsa chifuwa chosatha, ndipo kutsokomola kulikonse kuli ngati kumenya chitseko chimene chili kale chogwedera. Kudzimbidwa nakonso kumachita chimodzimodzi chifukwa cha kudzikakamiza pachimbudzi. Mayi akasiya kusamba, mahomoni amene ankalimbitsa khungu la m'njira ya mkodzo ndi njira yoberekera amachepa, ndiye vuto limene linali laling'ono kwa zaka 20 limakula. M'madera a m'mbali mwa nyanja ndi madambo, likodzo losachizidwa limatha kuumitsa khoma la chikhodzodzo mpaka kuchepetsa mkodzo umene chingasunge.

Tsopano fistula. Ili ndi bowo limene limatseguka pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, nthawi zina pakati pa matumbo akumunsi ndi njira yomweyo, moti chimbudzi nacho chimatulukira kolakwika. Gwero lake lalikulu ndi kubereka kotenga nthawi yaitali mwana atakanirira. Mutu wa mwana umapanikiza minofu ya mayi ku fupa la m'chiuno kwa tsiku lathunthu, masiku awiri, atatu. Magazi safika pamalo opanikizidwawo, mnofu umafa, ndipo pakapita masiku angapo mnofu wakufawo umathothoka n'kusiya bowo. N'chifukwa chake amayi ambiri amanena kuti kudonthako sikunayambe tsiku lobereka lomwelo koma patapita masiku ochepa. Pa amayi khumi alionse amene apeza fistula mwa njira imeneyi, pafupifupi asanu ndi anayi amakhala atataya mwanayo. Ena amatsala akukoka phazi chifukwa mitsempha ya mwendo nayo inapanikizidwa. Fistula imathanso kubwera chifukwa cha kuvulala pa opaleshoni yotulutsa mwana kapena yochotsa chiberekero, kugwiriridwa mwankhanza, kapena khansa ya khomo la chiberekero imene yafika patali.

Matendawa ndi akale kwambiri. Mtembo woumikidwa wa Henhenit, mkazi wa kunyumba yachifumu ku Egypt amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, unapezeka ndi bowo lotere. Ku Ulaya ndi ku America fistula inali yofala mpaka m'zaka za m'ma 1800. Njira yosokera bowoli inadziwika kudzera mwa dokotala J. Marion Sims wa ku Alabama m'dziko la America, amene m'zaka za m'ma 1840 ankayesera maopaleshoni ake pa akazi akuda amene anali akapolo, popanda mankhwala oletsa ululu. Mmodzi mwa iwo, Anarcha, anachitidwa opaleshoni pafupifupi ka 30. Mbiri imeneyi ndi yonyansa, ndipo mu 2018 chiboliboli cha Sims chinachotsedwa ku Central Park mu mzinda wa New York. Koma chimene chinathetsa fistula m'mayiko olemera si luso losoka. Ndi azamba ophunzitsidwa, misewu, ndi opaleshoni yotulutsa mwana yochitika pa nthawi yake. Lero matendawa atsala kumene zinthu zitatuzi zikusowa, makamaka kumidzi ya mu Africa ndi kum'mwera kwa Asia.

Madokotala awiri, Reginald ndi Catherine Hamlin, anafika ku Ethiopia mu 1959 n'kupeza amayi ambirimbiri a vutoli, ndipo mu 1974 anakhazikitsa chipatala cha fistula ku Addis Ababa, chimene chaphunzitsa madokotala ochokera m'mayiko ambiri. Catherine Hamlin anamwalira mu 2020 ali komweko. Bungwe la UNFPA, nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu ndi uchembere, linayambitsa kampeni yothetsa fistula mu 2003, ndipo kuyambira mu 2013 tsiku la 23 Meyi limakumbukiridwa padziko lonse ngati tsiku lolimbana ndi matendawa. Kwa zaka zambiri bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti amayi oposa 2 miliyoni ali ndi fistula yosachizidwa, pamene chiwerengero chimene United Nations ikugwiritsa ntchito masiku ano ndi pafupifupi 500,000. Kusiyana kwa manambalaku kukunena kanthu: n'kovuta kuwerenga anthu amene akubisala kuseri kwa nyumba.

Ngakhale zili choncho, ndikuona kuti kutchuka kwa fistula kwabweretsa mthunzi wina. Mayi amene amadontha pang'ono akatsokomola amamva za fistula pa wailesi n'kunena kuti zanga si zimenezo, ndiye amakhala chete. Iye ndi anzake ndi ochuluka kwambiri kuposa a fistula, koma palibe galimoto imene imabwera kudzawafunafuna.

Kodi tsiku la mayi wotere limayenda bwanji? Limayamba ndi kuchapa. Matewera a akuluakulu ndi okwera mtengo ndipo kumudzi sapezeka, choncho amagwiritsa ntchito nsanza, zidutswa za zovala zakale zimene amazipinda n'kuvala. Nsanzazo zimafuna madzi ndi sopo, ndipo madziwo ndi omwe aja otunga kutali, osenza pamutu, amene akuwonjezera vuto lomwelo. Akachapa sangayanike poyera pamene apongozi ndi ana angaone, ndiye amayanika m'nyumba mumdima, mmene siziuma bwino. Nsanza yachinyezi yokhala pakhungu tsiku lonse imabala zilonda m'mphechepeche, kuyabwa, ndi matenda a m'njira ya mkodzo, amene nawonso amawonjezera kukodza pafupipafupi.

Kenako pali nkhani ya kumwa. Nthawi zambiri mayi wa vutoli amadzipezera yekha mankhwala omwewo, kuchepetsa madzi. Kuganiza kwake n'komveka, koma zotsatira zake n'zosiyana ndi zimene akufuna. Mkodzo wa munthu wosamwa madzi umakhala wochindikala, wofiirira ndi wafungo lamphamvu. Umalusa m'chikhodzodzo n'kuchichititsa kufinya msanga, umawotcha khungu kwambiri, ndipo kusowa madzi m'thupi kumabweretsa kudzimbidwa. Mwa amayi a fistula kumathanso kuyambitsa miyala m'chikhodzodzo. Tangoganizani munthu wolima padzuwa kuyambira m'mamawa, thukuta lili kamukamu, akudzimana madzi dala.

Chimene vutoli limalanda kwambiri ndi mtunda. Mayi amayamba kuyeza ulendo uliwonse potengera malo amene angabisale. Kumsika kumene kulibe chimbudzi amatumako mwana. Ulendo wa pa basi wa maola atatu amauzemba, ngakhale kukhale kokaona mwana wake amene wabereka. Kopemphera amapita mochedwa n'kutuluka msanga, kenako amasiya. Kuvina, kuimba mokweza, ntchito yolipidwa ya m'munda mwa wina kumene ayenera kuwerama pakati pa anthu, zonse zimagwa chimodzichimodzi. Wogulitsa zakudya amadziwa kuti anthu akangomva kafungo sabweranso. Ndiye ndalama zimachepa pa nthawi yomwe akufunika sopo wochuluka. Chodabwitsa n'chakuti chipatala chimene chingamuthandize chili kutsidya kwa mtunda womwewo umene sangathenso kuyenda.

Usiku uli ndi zake. Chimbudzi chili panja, mumdima, mwina kukugwa mvula. Kwa agogo amene maso ndi mawondo afooka, kuthamangira kumeneko katatu pa usiku umodzi ndi njira yothyokera mwendo kapena chiuno. Ambiri amasunga kachitini m'chipinda, zimene zimabweretsa manyazi ena ngati akugona ndi adzukulu. Tulo todukizaduka timasiya munthu wotopa ndi wokwiya msanga, ndipo apabanja amangoti agogo asintha khalidwe.

Za m'banja ndi zimene sizikambidwa n'komwe. Amayi ena amadontha pa nthawi yogonana, ndiye amayamba kupeka zifukwa zokanira. Mwamuna amene sanauzidwe chilichonse amaganiza zake, mwina kuti mkazi wake ali ndi wina. Kwa a fistula zimafika poipa: kugona payekha, kudya payekha, kuletsedwa kuphika, kubwezedwa kwa makolo. Pamwamba pa maliro a mwana amene anamusenza miyezi isanu ndi inayi, amamvanso manong'onong'o akuti walodzedwa kapena akulangidwa chifukwa cha chigololo. Si amuna onse amathawa, ndipo alipo amene amagulitsa ziweto kuti mkazi wawo akafike kuchipatala. Koma kuvutika maganizo pakati pa amayi amenewa n'kofala kwambiri, ndipo ena amafika poganiza zodzipha.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu ndi woona, koma pa nkhani iyi uli ndi polekezera. Munthu amatsekula chitseko akadziwa kuti kunja kuli thandizo, komanso kuti sakamuseka. Namwino amene ali ndi mzere wa anthu 100 panja safunsa za mkodzo, ndipo mayi sangayambitse yekha nkhaniyo pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, chitseko chili pululu. Funso limodzi lofunsidwa motsitsa mawu kusikelo ya amayi oyembekezera, ya ana kapena ya kulera likhoza kutulutsa zimene zabisidwa zaka khumi.

Nanga thandizo lake n'lotani? Kwa amene amadontha akatsokomola kapena kunyamula katundu, chithandizo choyamba sichifuna ndalama. Ndi kulimbitsa minofu ya pansi pa chiuno, njira imene dokotala wa ku America, Arnold Kegel, anaifalitsa mu 1948. Mayi amafinya minofu imene amagwiritsa ntchito akamaletsa mpweya woipa kutuluka, ngati akukokera m'kati ndi m'mwamba, n'kugwira kwa masekondi angapo, kenako n'kumasula kwathunthu. Asafinye matako, ntchafu kapena mimba, ndipo asabanike mpweya. Amachita zimenezi kasanu ndi katatu kapena kuposerapo, maulendo atatu patsiku, kwa miyezi yosachepera itatu. Apa m'pamene ambiri amagwera mphwayi, chifukwa pa masabata awiri oyamba saona kusintha. Angathe kuchita atakhala, atagona kapena akuyamwitsa, popanda wina kudziwa. Asazolowere kuyesera pamene akukodza, chifukwa kudula mkodzo kawirikawiri kumasokoneza chikhodzodzo. Palinso kaluso kena kothandiza tsiku lomwelo: kufinya minofuyo kaye asanatsokomole kapena asanatukule ndowa. Zimenezi zikakanika, kuchipatala kuli kamphete kofewa kolowetsa m'njira yoberekera kuti kachirikize chiberekero ndi chikhodzodzo, komanso opaleshoni yokweza njira ya mkodzo.

Kwa amene mkodzo umawapana mwadzidzidzi, ntchito ndi kuphunzitsanso chikhodzodzo kudikira. Mkodzo ukamupana, mayi aime kapena akhale pansi, afinye minofu ija kangapo mpaka kupanako kuchepe, kenako ayende modekha kupita kuchimbudzi. Sabata iliyonse awonjezere mphindi zochepa pa nthawi yodikira, kwa masabata osachepera asanu ndi limodzi. Tiyi, khofi ndi mowa zimalusitsa chikhodzodzo, choncho kuzichepetsa kumathandiza. Madzi amwe okwanira masana, achepetse madzulo okha. Alipo mapiritsi monga oxybutynin amene amakhazika chikhodzodzo pansi, ngakhale amaumitsa m'kamwa, amadzimbitsa, ndipo okalamba amatha kuwasokoneza mutu, n'chifukwa chake si ogula mwachisawawa. Koma zonsezi zisanayambe, mkodzo uyezedwe kaye. Matenda a m'njira ya mkodzo, shuga ndi likodzo zimachizika kapena kuwongoleka, ndipo nthawi zina kudonthako kumathera pomwepo. Magazi mumkodzo, kutentha thupi pamodzi ndi kupweteka m'nthiti zam'munsi, kulephera kukodza, kapena dzanzi m'miyendo ndi kumaliseche si zodikira mawa.

Fistula siitseka ndi masewera a minofu kapena mankhwala akumwa. Ikadziwika m'masabata oyambirira, bowo laling'ono limatha kutseka lokha ngati mayi waikidwa kapaipi kotulutsa mkodzo kwa masabata angapo kuti chikhodzodzo chipume. N'chifukwa chake mayi amene wayamba kudontha atangobereka movutikira ayenera kubwerera kuchipatala msanga. Zikapitirira apo pamafunika opaleshoni, ndipo m'manja mwa dokotala wozolowera ntchitoyi mabowo osavuta amatsekeka pafupifupi asanu ndi anayi pa khumi alionse, ngakhale mayi atakhala nalo zaka zambiri. Opaleshoni yoyamba ndi imene ili ndi mwayi waukulu, chifukwa iliyonse yolephera imasiya zipsera zimene zimavutitsa yotsatira. Ndi bwino kuyenda ulendo wautali kukafika kwa katswiri kusiyana ndi kuyesetsa pafupi.

Akasokedwa, mayi amakhala ndi kapaipi kaja kwa sabata imodzi kapena awiri, akumwa madzi ambiri. Amalangizidwa kupewa kugonana ndi ntchito zolemetsa kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, kudikira asanatengenso mimba, ndi kudzabereka mwana wotsatira kuchipatala mwa opaleshoni. Malangizowa ndi osavuta kunena m'wodi. Kunyumba ndowa ija ikumudikira, ndipo ngati mwamuna ndi apongozi sanawamve ndi makutu awo kuchokera kwa namwino, msoko umatha kuphwasuka mwezi usanathe.

Pali gulu linanso limene limaiwalika pa zikondwerero za ochira. Amayi ena bowo limatsekeka ndithu, koma amapitiriza kudontha, chifukwa kubereka kuja kunawononganso mnofu wotseka njira ya mkodzo kapena kunasiya chikhodzodzo chaching'ono. M'kaundula wa chipatala amalembedwa kuti opaleshoni inatheka, koma iwo amabwerera kumudzi atavala nsanza zomwe zija, ndipo achibale amene anasonkha ndalama za ulendo amafuna kudziwa chimene chinalakwika. Ena mwa iwo amathandizidwa ndi masewera a minofu, ena ndi kachotsekera kakang'ono kolowetsa m'njira ya mkodzo n'kumachotsa pokodza, ena ndi opaleshoni yachiwiri. Ochepa amene chikhodzodzo chawo chinawonongekeratu amapatsidwa njira ina yotulutsira mkodzo, ndipo amenewa amafunika kuonedwa ndi achipatala moyo wawo wonse.